Kudzuka Pampando Kakhumi

4 Febuluwale

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko ndi kuzizira kwanu. Kuno tilipo. Ndachedwa kulemba chifukwa sindimadziwa poyambira, ndiye ndingoyambira pamene pali pafupi.

Bambo atuluka m'chipatala. Chibayo chija chawasiya, koma chapita ndi miyendo. Agona pabedi masabata atatu, ndipo munthu amene ndabwera naye kunyumba si amene ndinapita naye. Buluku lawo lotuwa lija ndalichepetsa kawiri pamakina, likutsikabe. Munthu amene ananyamula makabati ndi mafiriji a anthu zaka makumi anayi lero akulephera kudzuka yekha pampando.

Amayi akadali ku wodi ya azimayi, kuchipatala chachikulu cha kutsidya kwa tauni. Sitiroko inagwira mbali ya kumanja. Mawu akutuluka limodzilimodzi. Ndikafika amandiyang'ana pang'ono, kenako maso amabwerera kuchitseko. Ndinawauza kuti Bambo ali ndi chifuwa ndipo anesi akuwaletsa kulowa. Zoti nawonso anagonekedwa sakudziwa.

Vuto ndi ili. Bambo akufuna kukaona Amayi, koma pakati pawo pali masitepe athu aja, makumi awiri ndi awiri, ndi pokhota paja pamene munagumulira dzino. Tsiku lotuluka m'chipatala anawakweza ndi anzawo akale a pa lole, a Mapewa ndi adalaivala, atawakhazika pampando wa kukhitchini. Anali ndi tulo ta mankhwala, sanadziwe kanthu. Atamva m'mawa mwake sanadye tsiku lonse. Akuti sadzanyamulidwanso. Akuti Amayi akawaona akulowa mu wodi pa njinga ya odwala adzadziwa kuti nyumba yagwa, ndipo adzataya mtima. Akufuna atsike okha, akalowe okha.

Inu ndi amene mumasamalira nkhalamba za eni kumeneko tsiku ndi tsiku. Tiuzeni chochita. Ine ndimadziwa singano basi. M'mawa ndimawapatsa tiyi ndi buledi n'kutsika kushopu, masana ndimathamangira kuchipatala, madzulo tiyi ndi buledi. China sakufuna, akuti m'kamwa mukumveka chitsulo.

Musandifunse za ine. Masiku ano sindikumva chilichonse, ndimangoyenda.

Ndine mlongo wanu.


20 Febuluwale

Chemwali,

Kalata yako yafika dzulo. Ndaiwerenga chiimirire m'chipinda chosinthira zovala, nsapato imodzi nditavala. Ine ndili bwino. Uwapatse moni Bambo. Amayi ukawagwire dzanja lamanzere, uwauze kuti ndi ine.

Zimene walembazi ndimaziona sabata iliyonse. Munthu wachikulire akagona masabata atatu minofu imasungunuka, makamaka ya m'ntchafu, ndipo siibwerera yokha. Imabwerera ndi zinthu ziwiri, chakudya ndi ntchito. Tiyi ndi buledi ndi zongopusitsa mimba. Azidya mazira awiri m'mawa, masana nyemba kapena nsomba, madzulo kapu ya mkaka ndi mtedza, wosinja ngati mano akuvuta. Usawaunjikire zonse nthawi imodzi, thupi lokalamba limalandira pang'onopang'ono. Madzi azimwa ngakhale alibe ludzu. Akakana usakangane nawo, chotsa mbale, ubwere nayonso pakapita ola.

Tsopano ntchito. Utenge mpando wa kukhitchini womwe uja, uutsamiritse kukhoma kuti usatsetsereke. Akhale, mapazi afike pansi bwinobwino, manja apingase pachifuwa. Adzuke mpaka kuwongoka, akhalenso mosadzigwetsa, abwereze mmene angathere. Azichita m'mawa, masana ndi madzulo. Akapuma agwire tebulo aziimira zala za kumapazi n'kutsika. Za mikono uwapatse mabotolo awiri a madzi azikweza.

Lamulo ndi limodzi, ndipo uwawerengere Bambo mmene ndalemberamu. Asayandikire masitepe mpaka atadzuka pampando kakhumi motsatizana, osagwira kanthu. Kakhumi. Akagwa pamasitepe aja n'kuthyoka fupa la m'chiuno sadzadzukanso. Ndaona anthu otero, sindikufuna kuwafotokoza.

Kuno ndimayang'anira anthu khumi ndi anayi pa shifiti. Pali gogo wina amene anali mphunzitsi, amandiitana ndi dzina la mwana wake amene sabwera. Ndimangoyankha. Ndikamusambitsa ndimaganiza za Bambo, kenako belu limalira chipinda china n'kuiwala.

Za Amayi undiuze mwatchutchutchu. Madokotala akuti chiyani?

Ndine mchimwene wako.


9 Malichi

Achimwene,

Moni wa kuno ndi womwewo. Kalata yanu Bambo anaiwerenga okha kawiri ndi magalasi a Amayi, chifukwa awo anatsalira kuchipatala. Anadandaula kuti kalembedwe kanu sikanasinthe chichokereni ku pulayimale. Kenako anaipinda n'kuiika m'thumba la malaya. Anati, "Ameneyu ndi kapitawo tsopano. Kapitawo akanena sutsutsa." Mukuwadziwa ndi malamulo a ntchito, munthu amene sankalola kabati kuyamba masitepe chingwe asanachikoke yekha.

Nkhani yabwino ndi yakuti akufika kale kakhumi. Ndimaima kutsogolo kwawo, ndimalowetsa manja m'khwapa mwawo, timawerengera limodzi n'kudzuka. Msana wanga ndi umene ukudandaula, koma uzolowera. Mkaka amamwa atatsinzina, akuti ndi chakudya cha ana a ng'ombe. Koma mazira ndiye sasiya. Ndimawiritsa awiri ndisanatsike kushopu, ndikabwera ndimapeza mbale ili mbee.

Ndawaikiranso zonse pafupi kuti asamavutike ndikachoka. Jagi ya madzi ili pa situlu, wailesi pa pilo, chidebe pansi pa bedi. Kuchimbudzi sakufunikanso kuyenda. Mayi a nyumba ya m'munsi anakwera kudzawaona, anandiyamikira kuti ana otere asowa masiku ano.

Amayi ali chimodzimodzi. Madokotala amadutsa m'mawa ine ndili pamakina, ndiye sindikumana nawo. Tsiku lililonse Bambo amandipatsira kaphukusi ka mpango kuti ndikaike pa kakabati ka pambali pa bedi la Amayi. Amakamanga ndi mfundo zawo za pa lole zija, zimene munthu wamba sangamasule popanda mano. Sindifunsa za m'katimo, ndi za awiriwo.

Kushopu kwadzaza mayunifomu a sukulu. Ndimasoka, ndimatsika basi, ndimakwera basi. Dzulo ndinadutsa siteji yathu osazindikira mpaka kondakitala anandigwedeza.

Ndiye poti kakhumi kakwana, titsike liti? Ine ndimaganiza Lamlungu likubwerali.

Mlongo wanu.


25 Malichi

Chemwali,

Moni. Ndikupemphera kuti simunatsike Lamlungu limenelo. Makalatawa amayenda masabata awiri, ndipo chilandirireni yako sindikukhazikika.

Kakhumi kamene ukunenako ndi kako, si ka Bambo. Amene ukulimba ndi msana wako. Ndinalemba kuti osagwira kanthu, ndipo iweyo ndiwe kanthu. Chotsa manja ako m'khwapa mwawo. Ima pambali, dzanja limodzi likhale pafupi ndi lamba wawo kuchitira mwina, koma usakoke. Adzanjenjemera, adzabuula, mwina adzakuyang'ana moti udzafuna kuthawa m'chipindamo. Iwe uziwerenga basi. Akalephera, alephera, mudzayesanso masana.

Chidebe chija uchichotse. Jagi ubweze kukhitchini, wailesi uiike pawindo. Ulendo uliwonse wa kuchimbudzi ndi mankhwala kuposa mapiritsi amene anakupatsa. Munthu ukamuikira zonse pafupi, thupi limamva kuti miyendo ilibenso ntchito, ndipo limaitaya. Mayi a m'munsiwo akuyamikira zimene sakuzidziwa. Kuwachitira zonse ndi kuwamaliza, ngakhale ukuchita ndi mtima wabwino. Kuno wantchito watsopano akapezeka akukoka nkhalamba m'khwapa amaitanidwa ku ofesi tsiku lomwelo.

Muyambirenso kuwerenga, ndipo undilembere nambala yeniyeni ngakhale ikhale yochititsa manyazi. Za mazira ndasangalala, ngakhale ndikudabwa kuti munthu wodya chonchi buluku likumutsikabe.

Za Amayi wandiyankha mzere umodzi. Upemphe tsiku limodzi kushopu ukakumane ndi dokotala.

Mchimwene wako.


12 Epulo

Achimwene,

Tilipo. Kalata yanu yoti ndikuwamaliza Bambo inafika bwino. Sindinakwiye. Ndinaiwerenga, ndinasokerera mabatani pa malaya makumi atatu, ndinaiwerenganso. Inu mukaweruka mumatseka chitseko, nkhalamba zanu zimatsala ndi wina. Ine ndilibe wondilandira shifiti, ndilibenso ofesi yoti andiitanireko.

Lamlungu lija sitinatsike. Anakana ndi Bambo eni ake, anati tidikire mawu a kapitawo.

Manja ndinachotsa. Tsiku loyamba sanadzuke n'kamodzi komwe. Anagwedezeka katatu, mitsempha ya pakhosi inatuluka, kenako anangokhala akuyang'ana maondo awo. Ine ndinayang'ana khoma. Sitinaleredwe kuti bambo ako azivutika iwe manja uli nawo kumbuyo, ndipo zimenezo mukuzidziwa ngakhale mwakhalitsa kunja. Masiku awiri oyamba anatha choncho. Tsopano akufika kawiri. Nambala yeniyeni ndi imeneyo. Kuchimbudzi amapita akugwira khoma, ndipo penti yayamba kuda pamene dzanja limadutsa.

Za mazira munadabwa bwino. Lachitatu anesi a ku wodi anandiitana n'kundiuza kuti ndikauze wotumiza mazira asiye, chifukwa Amayi amangodya zamadzimadzi. Kaphukusi kaja kanali mazira awiri owiritsa, tsiku ndi tsiku. Amene wakhala akumasula mfundo n'kudya ndi mayi wina wodikirira wodwala wa bedi loyandikana. Masaya atuluka, anandithokoza ndi manja awiri. Mwezi wathunthu ndakhala ndikutsuka mbale yoyera osadzifunsa kuti makoko akupita kuti.

Tsopano ndimasenda ndekha, ndimakhala pamphepete pa bedi mpaka atameza. Kushopu ndimafika mochedwa, abwana amangoyang'ana wotchi. Nyemba ndimaphika zambiri Lamlungu kuti zifike Lachitatu. Nsomba amadya ndikachotsa minga.

Amayi ali chimodzimodzi.

Bambo apempha pepala. Kalata yawo ndaiika m'envulopu yomweyi, sindinaiwerenge.

Mlongo wanu.


12 Epulo

Mwana wanga,

Ndi ine bambo ako. Pepa ndi zolemba zokhotakhota, dzanja silinabwerere. Ndili bwino. Mlongo wako usamukalipire, wagwira mbali yolemera.

Za mazira ndi zoona. Zaka makumi anayi ndi zitatu sindinadyepo dzira mayi ako asanadye. Ndikaliyang'ana pambale limakana kulowa. Ndinaganiza kuti poti ine sindingapite, lipite dziralo. Tsopano ndamva kuti limakathera m'mimba mwa munthu wina. Basi, ndizidya.

Lamulo lako ndalimva. Pantchito yathu amene amafulumira pamasitepe ndi amene amaswa galasi la mwini. Sindiyandikira mpaka kakhumi. Koma nawenso undimvetse. Mayi ako anakwatiwa ndi munthu wonyamula, osati wonyamulidwa. Tsiku limene ndinamuona koyamba ndinali ndi makina osokera paphewa, ndikukweza kunyumba ya abwana ake. Mu wodi muja ndikalowa ndi miyendo yanga. Akandiona choncho adzati kunyumba kuli bwino, ndipo adzafuna kubwerako.

Mpandowu ndi wankhanza kuposa firiji. Firiji umagawana ndi mnzako.

Undiuze ngati mabotolo ndingawathire mchenga m'malo mwa madzi. Madzi ndi masewera a ana.

Ndine bambo ako.


30 Epulo

Bambo,

Ndalandira kalata yanu ndipo ndaisunga m'chikwama cha mapepala a ntchito. Ndikhulupirira mwadzuka bwino. Ine ndili bwino.

Mchenga thirani, koma theka kaye. Mukakweza kakhumi ndi kawiri osatopa, mudzaze. Kawiri kanuko musakapeputse. Kuchoka pa kulephereratu kufika pa kawiri ndi ulendo wautali kuposa umene watsalawu. Minofu ikayamba kulandira chakudya imafulumira. Mukamaliza za pampando muzimwa mkaka nthawi yomweyo, ngakhale mutatsinzina. Tsiku limene ntchafu zikuwawa kwambiri mupume, musaumirire, kupumako ndi mbali ya ntchito. Mukadya mmene ndinanenera, m'masabata asanu ndi limodzi mudzakhala mutafika.

Musathamange. Mlongo wanga akuti Amayi ali chimodzimodzi, ndiye nthawi ilipo. Lamulo likhale lomwelo.

Chemwali, poti ndikudziwa kuti nawe uwerenga, pepa. Ndinakulembera ngati ndikulembera wantchito watsopano. Ntchitoyi inandiphunzitsa kuyang'ana munthu akuvutika ine n'kumawerenga, ndipo ndinaiwala kuti sizinali zophweka poyamba. Wanga woyamba anali bambo wina wopanda mano, ndinakalirira m'chipinda cha matawulo. Iwe ukuchita zimenezi ndi bambo ako enieni, wekha. Ndikudziwa.

Mwezi wa mawa akunditumiza kunyumba ina ya okalamba kumene antchito achepa. Ndikakhala masabata atatu kapena anayi. Makalata muzitumiza pa adiresi yomweyi, ndidzawapeza ndikabwerera.

Ndine mwana wanu.


16 Meyi

Achimwene,

Moni. Ndikulemba ndili pabenchi ya kunja kwa wodi, pepala lili pabondo.

Ndinakunamizani. Amayi sali chimodzimodzi. Chiyambire Malichi akungotsika. Madokotala ndimakumana nawo, koma zimene anena ndimazisiya pageti la chipatala. Inu muli kutali, simukanachita kanthu. Bambo akanamva akanasiya kudya. Ndinaganiza kuti ndisunge ndekha mpaka kakhumi kakwane. Tsopano akudyera m'chubu cha m'mphuno. Dzulo dokotala ananditengera pambali n'kundifunsa ngati pali wina amene akufunika kubwera kudzawaona.

Ndinawauza Bambo dzulo lomwelo. Ndinati a Mapewa ndi adalaivala avomera kale, lole ili ndi malo kutsogolo, Amayi sadzaona za masitepe, ndipo pakhomo pa wodi ndidzakugwirani mkono ngati tikungoyenda. Anatulutsa kalata yanu ya pa 30 Epulo n'kuika chala pamene munalemba kuti nthawi ilipo. Ndinati munalemba choncho chifukwa ndinakunamizani. Anati ngati ndinanama miyezi iwiri, adziwa bwanji kuti lero sindikunama kuti ndiwanyamulitse. Ndinatenga mbale n'kupita kukhitchini.

Akufika kasanu ndi kawiri. Akudya zonse, mpaka kupempha zowonjezera. Pampando akupita kasanu patsiku m'malo mwa katatu, ndipo za kupuma zija sakuzimva. Ndikamabwera ndimamva mpando ukugunda khoma ndisanayambe kukwera. Buluku lija ndalimasula msoko umodzi. Akuti kwatsala katatu basi, masabata awiri.

Ndayesa kawiri kuimba foni ya kuntchito kwanu. Woyankha sitinamvane. Ndinatchula dzina lanu, iye analankhula zambirimbiri n'kudula. Ndikudziwa kuti muli kunyumba inayo, koma mwina wina akubweretserani kalatayi.

Alembereni Bambo. Ine sandimvera, amamvera kapitawo. Auzeni kuti alole kunyamulidwa.

Mlongo wanu.


31 Meyi

Achimwene,

Amayi atisiya Lachinayi pa 29, cha m'ma 10 koloko m'mawa. Ndinali pomwepo. Ndinatuluka kukatsuka kapu, pobwerera anesi anali atakoka katani. Tawaika dzulo. Foni ndinayesanso, zinali zomwe zija.

Sindinalire. Anthu amandigwira mapewa, ine ndimaganiza za diresi la kasitomala limene ndinalisiya pamakina lopanda zipi. Kuchipatala anandipatsa pulasitiki ya katundu wawo. Munali chipeso, kapu ndi mipango inayi ya Bambo yochapachapa. Ndaiika pamwamba pa kabati, sindinawaonetse.

Bambo anali pa kasanu ndi kanayi. M'mawa wa tsikulo ndikutuluka anandiuza kuti ndikawauze Amayi kuti akubwera mawa. Ndinakawauza. Sindikudziwa ngati anamva.

Yankho lanu silinafike. Sindikukuimbani mlandu, wonama ndinali ine. Zina alemba okha Bambo akafuna. Lolemba ndikubwerera kushopu.

Mlongo wanu.


4 Juni

Bambo,

Ndabwerera lero ndipo ndapeza kalata ya mlongo wanga ya pa 16 Meyi ili pansi pa chitseko. Ndikulemba ndisanavule jekete, ndikaiponya ndekha ku positi yaikulu kuti ifulumire.

Iwalani kakhumi. Pitani tsiku limene mwalandira kalatayi, musadikire mawa lake. Mlongo wanga akunena zoona, munthu akafika pa chubu ndipo dokotala akafunsa funso limene lija, nthawi palibe.

Ndikuuzeninso china. Kakhumi si lamulo la dokotala aliyense. Kuno munthu akadzuka kasanu timayamba naye masitepe, wina kutsogolo wina kumbuyo. Kasanu kapamwambako ndinawonjezera ndekha. Ndinkaopa kuti mudzagwa ine ndili kuno, ndipo sindikanatha kukhala nazo. Mantha anga ndinawalemba ngati lamulo, ndipo ndinadziwa kuti mudzalisunga chifukwa ndimakudziwani. Ndikhululukireni.

Pa kasanu ndi kawiri mukhoza kutsika ndi miyendo yanu. A Mapewa akhale patsogolo sitepe imodzi, adalaivala kumbuyo atagwira lamba, inu dzanja pachitsulo. Mwendo wofooka uzitsogola. Pokhota paja muime, mupume. Mukatopa panjira khalani pampando akunyamuleni, palibe amene adzawerenge. Amayi sakudikira miyendo yanu, akudikira nkhope.

Mukafika muwauze kuti ndapempha tchuthi, ndikuyembekeza yankho la abwana sabata ino. Muwauze kuti andidikire.

Ndine mwana wanu.


22 Juni

Mwana wanga,

Ndi ine bambo ako. Tilipo. Kalata yako yoti ndiiwale kakhumi inafika Lachinayi. Ndaiwerenga. Pofika pano ya mlongo wako yakupeza, ndiye sindibwereza zimene analemba.

Usadziimbe mlandu, nayenso ndamuuza chimodzimodzi. Kapitawo amanena nambala ali pansi, koma amene ali pamasitepe ndi amene amaona. Tsiku limene mlongo wako anandiuza za chubu ndinaona pankhope pake kuti sakunama. Ndinatulutsa kalata yako kuti ndibisale kumbuyo kwake. Ndinkaopa kukamupeza mayi ako ali choncho kuposa mmene ndinkaopera kunyamulidwa. Pampando ndinkadziwa chochita. Pambali pa bedi lake sindikanadziwa. Zimenezi sindinauze munthu, ndakuuza iwe chifukwa uli kutali.

Ndikudyabe zimene unanena, mlongo wako amakhala pomwepo mpaka nditamaliza. Iye ndi amene sakudya. Ukalemba umuuze za nyemba ndi mkaka, mwina iwe akumvera. Pampando ndikupitabe chifukwa m'mawa sindidziwa china chochita. Kuwerenga ndinasiya. Za tchuthi uone wekha, ukabwera utipeza.

Mwina ukufuna kudziwa mmene ndinapitira kumaliro. Tsiku limenelo miyendo inakana, sindinadzuke n'kamodzi komwe. Anabwera a Mapewa ndi adalaivala. Sanandifunse, inenso sindinakane. Anandikhazika pampando wa kukhitchini uja n'kundimanga pachifuwa ndi lamba wa katundu mmene ndinawaphunzitsira ndekha, a Mapewa anagwira kumunsi poti ndi aatali. Pokhota paja anapendeketsa bwino, sanakhudze khoma. Ndi ntchito yabwino, sindinapeze chowadzudzula. Potuluka pakhomo ndinayang'ana wotchi, titafika pansi ndinayang'ananso. Zinatenga mphindi zinayi.

Ndine bambo ako.